Madzi a ku mawira ogulitsa m'zigubu, tigule?

Nachisale: Abale, pamsika wa Ulongue pali bambo wina akugulitsa madzi m'zigubu za malita 5. Akuti anakatunga ku mawira, akasupe otentha a ku Boroma kufupi ndi Tete, ndipo amachiza nyamakazi ndi zipere. Amayi anga mawondo sakuwagonetsa tulo. Ndiwagulire?

Bambo a Tadala: Achemwali, ndalamayo gulireni sopo. Chimene chimafewetsa mawondo ndi kutentha. Madzi aja ndi amvula omwewa, amalowa pansi kwambiri m'ming'alu ya miyala, n'kutenthedwa komweko, kenako n'kutumphuka akadali otentha. Tsono madziwo akwere chapa (minibasi), awoloke Zambezi, adutse Moatize mpaka kufika kuno kozizira ku Angónia, mutsala mukugula chiyani?

Mai a Chisomo: Musanyoze choncho bambo. Muli mchere wa m'miyala umene m'madzi a pachitsime mulibe. Apongozi anga anakasamba ku Mawira ku Nkhotakota, kuyabwa kunachepa ndithu.

Bambo a Tadala: Anakasamba komweko, mai. Sanagule chigubu.

Aphunzitsi a ku Dómuè: Ine mantha anga ali pa kumwa, chifukwa ogula ambiri sathera posamba. Akasupe otentha nthawi zambiri amakhala ndi mchere wina wotchedwa fluoride wochuluka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati fluoride m'madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita, apo ayi ana mano amachita mawanga, ndipo zikapitirira kwa zaka zimawononga mafupa. Komanso mwamuona ndani akutunga? Mwina ndi a pamjigo wa kuseri kwa msika.

Nachisale: Iii aphunzitsi, mwandidula miyendo. Nanga ndikawatengera amayi komweko?

Aphunzitsi a ku Dómuè: Kumeneko ndiye kulowetsa ndalama pabwino. Koma pitani mu Juni kapena Julayi. Mu Okutobala ku Tete kumatentha kupitirira madigiri 40, munthu wamkulu wozolowera mphepo ya kuno sangalimbe. Potulukira madzi penipeni pamatha kuwotcha khungu, asambe kumunsi kumene apolako, osakhalitsamo. Ngati ali ndi BP ayambe afunsa kuchipatala. Ndipo asati akadziziziritse mu Zambezi, muli ng'ona. Mukaonenso tchalitchi chakale cha Ajezwiti, chili komweko ku Boroma.

Mai a Chisomo: Ulendo umenewo ndi matumba angati a feteleza? Si tonse tingakwanitse. Ine chigubu chimodzi ndigulabe, ndikawatenthetsa pamoto.

Bambo a Tadala: Ngati moto muli nawo, tenthetsani a pamjigo, mai. Viikani nsalu, thowani mawondowo.

Nachisale: Amene wakwera chapa ya ku Tete posachedwapa andiuze mtengo wake, ndikambirane ndi achimwene.