Kodi maphunziro a CPD (owonjezera luso uli kale pa ntchito) kwa ife a mu famase ndi ofunikadi, kapena n'kungotaya thiransipoti?

Akuluakulu, ndili ndi dipuloma ya ku Malawi College of Health Sciences ndipo ndikugwira pa famase ina kuno ku Salima. Maphunziro owonjezerawa amandidyera tsiku lonse la ntchito ndi ndalama ya minibasi yopita ku Lilongwe. Pali chatsopano chenicheni chomwe munthu amakatolako, kapena n'kungofuna pepala loonetsa a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi ntchito za famase? Ndiyambire pati?

Yankho 1: Achimwene, mankhwala amasintha, notsi za kusukulu sizisintha. Taonani ma ARV. Kuyambira 2019 ambiri ali pa mankhwala okhala ndi dolutegravir. Wodwala akayamba mankhwala a TB okhala ndi rifampicin, chiwindi chimachotsa dolutegravir msanga, ndiye amafunika m'bulu wina wa 50mg patatha maola 12. Mayi woyembekezera amene akumwa ayironi, kapena munthu wogula mankhwala a chilungulira okhala ndi magnesium, amwe dolutegravir maola 2 asanamwe zimenezo kapena maola 6 atamwa, chifukwa zimagwirana m'mimba ndipo mankhwalawo salowa m'magazi. Wosadziwa izi amagulitsa zonse pamodzi, kenako tizilombo timachuluka wodwala akumwa mokhulupirika.

Yankho 2: Onjezani malungo, poti kunyanja kuno ndiwo ntchito ya tsiku ndi tsiku. Pa malungo aakulu jakisoni ndi artesunate, kwinini anatsalira m'mbuyo. Mlingo ndi 2.4mg pa kilo, koma mwana wosafika makilo 20 ndi 3mg pa kilo; ambiri amaphonya apa. Botolo la 60mg mumasungunula kaye ndi 1ml ya bicarbonate mpaka madzi ayere, kenako saline 5ml ngati ndi ya mumtsempha, 2ml ngati ndi ya pamnofu. Mukasakaniza bayani pompo, osasungira wodwala wina. LA nayenso, mlingo wachiwiri patatha maola 8, ndipo amwere chakudya chamafuta, kaya phala lotsira nsinjiro.

Yankho 3: Ine ndinganene za kutentha. Salima ndi Nkhotakota mu Okutobala m'sitolo mumadutsa madigiri 30. Oxytocin ndi insulini zimafuna firiji ya madigiri 2 mpaka 8. Magetsi akazima zimafooka popanda kusintha mtundu, nesi n'kumabaya mayi wotaya magazi mankhwala opanda mphamvu. Lembani kutentha m'mawa ndi madzulo, ndipo insulini ikaundana itayeni.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga ndalama zikavuta?

Yankho 1: Si zonse zofuna Lilongwe. Pezani Malawi Standard Treatment Guidelines ndi malangizo a HIV atsopano pa foni, muziwerenga mutu umodzi pa sabata. Lowani PHASOM, bungwe la ogwira ntchito za famase, kuti muzimva za maphunziro a pa intaneti. Satifiketi iliyonse isungeni mu fayilo imodzi, tsiku ndi maola zilembedwe. Mukafuna kukwera kufika pa digiri, njira ndi yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ku Blantyre.