Bwanji Renamo sinalande Maputo?

Wakabaza wa pa Limbuli:
Akuluakulu, ndithandizeniko. Ku Syria zigawenga zinalanda Aleppo kumapeto kwa Novembala 2024, pofika pa 8 Disembala zinali zitalowa kale mu Damascus, Assad n'kuthawira ku Moscow. Masabata awiri sanakwane. Nanga a Renamo, zigawenga za ku Mozambique, amene anamenya nkhondo kuyambira 1977 mpaka 1992, chinawakanika n'chiyani kulanda Maputo? Ine ndinabadwa nkhondoyo itatha, koma mayi anga kwawo ndi ku Milange, ndipo amati mu 1986 tawuni yonse inagwa, asilikali a boma la Frelimo n'kuwoloka pa Muloza pamodzi ndi anthu wamba. Ngati anali ndi mphamvu zotere, ankaopanji ku likulu?

Mphunzitsi wopuma, Luchenza:
Mwana wanga, likulu siligwa chifukwa zigawenga ndi zolimba mtima. Limagwa asilikali a boma akataya mtima, komanso bwenzi lakunja lomwe linkagwiriziza boma likatembenuka. Ku Ethiopia mu 1991, Soviet Union italeka kutumiza zida, Mengistu anathawira ku Harare pa 21 Meyi. Patangotha sabata zigawenga zinalowa mu Addis Ababa pa akasinja omwe zinalanda kwa boma lomwelo. Kabila anafika ku Kinshasa mu Meyi 1997 atayenda miyezi 7 yokha, koma kumbuyo kwake kunali asilikali a Rwanda ndi Uganda, pamene a Mobutu, osalipidwa, ankangofunkha m'masitolo n'kuthawa.

Renamo inalibe zonsezi. Anaiyambitsa ndi akazitape a Rhodesia, ndipo Zimbabwe itapeza ufulu mu 1980 anaitola ndi azungu a ku South Africa. Iwowa sankafuna mtsogoleri wa Renamo Dhlakama m'nyumba ya boma ayi, ankafuna Mozambique yolumala. Ndiye zida zomwe ankapereka zinali za munthu woyenda wapansi: mfuti za AK-47, mabomba okwirira pansi, timizinga tonyamula paphewa, mawailesi olankhulirana. Ndi zimenezi ukhoza kuwotcha sukulu kapena kugwetsa mlatho, koma sungalimbane ndi ndege za MiG ndi mahelikopita pamtetete.

Uonenso mapu. Mphamvu zawo zinali ku Gorongosa, Sofala ndi Zambezia wathu woyandikana nayeyu. Maputo ali kumapeto kwenikweni kummwera, ndipo kummwerako ndi kumudzi kwa Frelimo. Atsogoleri ake Mondlane, Machel ndi Chissano onse ndi ana a ku Gaza. Chinanso, Frelimo sinasiyidwe yokha. Mugabe anatumiza asilikali zikwizikwi kukalondera njanji ndi paipi ya mafuta ya ku Beira, ndipo ndi iwowa anagumula likulu la Renamo la Casa Banana mu Ogasiti 1985. Tanzania nayo inatumiza ake.

Anaphiri a pa Muloza:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma za m'mabuku zimazizira. Ife tinkamva mfuti tili pamtondo. A Matsanga, dzina lina la Renamo, atalanda Milange anakhalamo mpaka 1988, ndipo munthu akafuna kudziwa ngati ankaganiza zolamulira dziko angoona zomwe anachita ndi tawuni imeneyi. Anasasula malata, anazula zitseko ndi mawindo, makina osokera, njinga, zonse kusenzetsa anthu ogwidwa. Katundu wina anatulukira kuno kwathu, kusinthanitsa ndi mchere, sopo ndi shuga. Tisanamizane, ena mwa ife tinafolera nyumba ndi malata otchipa osafunsa kuti achokera kuti. Mafakitale a tiyi a tsidya linalo anasanduka mabwinja pamene athu kuno ankangofuka utsi ngati kale. Munthu amene akufuna kudzagona m'nyumba sayamba ndi kusasula denga.

Mu 1986 muja mantha athu sanali a Matsanga okha. Mu Sepitembala Machel anabwera ku Blantyre ndi Mugabe ndi Kaunda kudzadzudzula Kamuzu kuti akusunga zigawenga, atabwerera kwawo n'kuopseza kuti atchera mizinga m'malire. Malire ake ati? Ndi ife tomwe. Pa 19 Okutobala ndege ya Machel inagwa ku Mbuzini. Iwe wakabaza, ukawafunse mayi ako za miyezi imeneyo, koma uwafunse mofatsa.

Msilikali wakale, Thyolo:
Mayi Anaphiri, ulemu wanu. Ine ndinali m'gulu lomwe linkalondera njanji ya ku Nacala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ndikutsutsane pang'ono ndi aphunzitsi. Anyamata aja sanali opusa pankhondo. Maputo sanamulowe, koma anamukanyanga pakhosi. Ankagwetsa nsanja za magetsi mzinda n'kugona mumdima, ankatchera midipiti ya magalimoto pamsewu waukulu wopita kumpoto, moti akuluakulu a boma popita m'zigawo ankadalira ndege basi.

Komanso mphwanga, usatengeke ndi za Damascus. Kulowa mu likulu si kupambana nkhondo. A RSF, gulu lomenyana ndi boma ku Sudan, anagwira nyumba ya pulezidenti ndi bwalo la ndege ku Khartoum nkhondo itangoyamba mu Epulo 2023. Boma linasamukira ku Port Sudan, ndipo mu Malichi 2025 asilikali analandanso mzindawo uli phulusa. Charles Taylor anafika m'mphepete mwa Monrovia, likulu la Liberia, mu 1990, asilikali a mayiko a kumadzulo kwa Africa a ECOMOG n'kumutsekera njira, mpando anadzaukhalira mu 1997 kudzera m'chisankho. Dhlakama naye ku Maputo anakalowa ndi pepala la mtendere lomwe anasainirana ndi Chissano ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Pachisankho cha 1994 Renamo inapeza mipando 112 mwa 250.

Mphunzitsi wopuma, Luchenza:
Abwana asilikali, sindinati anali opusa, ndinati amene ankawapatsa zida sanawapatse zoti alande nazo mzinda. Ndipo pepala la ku Rome lija musaiwale chomwe chinalifulumizitsa: chilala cha 1992, chomwe kuno tinadyera nsima ya chimanga chachikasu. Renamo inkadya za m'minda ya anthu omwe inkawalamulira. Minda itauma anthu anathawira komwe kunali chakudya cha thandizo, m'matawuni a boma ndi kuno ku Malawi, komwe othawa nkhondo anafika pafupifupi 1 miliyoni. Panalibenso woti awasenzere katundu kapena kuwaphikira.