Galu wa ku Blantyre akazolowera bwanji moyo wa ku Glasgow?

Abale amene muli ku UK, tithandizeni nzeru. Banja lina la kuno ku Chilomoni likusamukira ku Glasgow ndipo silikufuna kusiya galu wawo.

Za mapepala tikuzidziwa: zimayamba ndi microchip (kachipangizo kozindikiritsa galu komwe amamuika pansi pa khungu), kenako katemera wa chiwewe, kuyezetsa magazi pakadutsa masiku 30, n'kudikiranso miyezi 3 kuchokera tsiku lotenga magaziwo. Mankhwala a njoka za m'mimba amam'mwetsa pakati pa maola 24 ndi 120 asanalowe m'dzikolo. Mukabayitsa katemera microchip isanaikidwe, mumayambiranso.

Chikutidetsa nkhawa ndi moyo wa kumeneko. Galuyu ndi wa ubweya waufupi, amagona panja, ndipo kuzizira komwe akukudziwa ndi chiperoni cha mu Juni basi. Ku Glasgow mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko, mvula imagwa n'kukata kangapo tsiku limodzi. Mumatuluka naye nthawi yanji, ndipo akanyowa mumamuumitsa bwanji kuti kapeti isanunkhe?

Chinanso, anazolowera mkute wa nsima ndi usipa anthu akamaliza kudya. Kumupatsa chakudya cha m'thumba mwadzidzidzi kumamutsegula m'mimba. Inu mumasakaniza kwa masiku angati asanasiyiretu nsima? Nanga eni nyumba za lendi kumeneko amalola agalu?