Thandizeni pa kagwiridwe ka mfuti powombera pa benchi

Muli bwanji akuluakulu nonse m'gulu muno? Ndabwera ndi vuto lomwe landizunguza mutu kwa milungu itatu tsopano.

Ndili ndi mfuti ya mtundu wa CZ 457 ya zipolopolo zazing'ono za .22 LR, ndipo ndimawombera pa benchi, mtunda wa mamita 50, cha ku Makeni kuno ku Lusaka. Ndikaigwira zolimba n'kuikanikiza paphewa, zipolopolo zisanu zimandanda kuchokera m'mwamba kutsikira pansi. Ndikaimasula, dzanja lamanzere n'kumangofinya kathumba ka mchenga ka kumbuyo, zimayandikana ndithu, koma sipalephera chimodzi chothawira kumbali. Chondiwawa n'chakuti mnzanga anakhala pa benchi yomweyo, mfuti yomweyo, mabowo ake onse asanu tinawaphimba ndi khobidi la K1. Ndiye mfuti ilibe mlandu, vuto ndi manja angawa.

Ndamangitsanso masikuluwu a sikopu (galasi lolozera lomwe lili pamwamba pa mfuti), ndatsuka mpope, ndasintha zipolopolo kuchoka ku CCI Standard Velocity kupita ku Eley. Ndinaona kuti mpope ukagona pathumba zipolopolo zimakwera, ndiye tsopano ndimagoneka thabwa la mfutiyo lokha, pamalo amodzi omwe ndinamatapo tepi. Ndimalawiriranso m'mamawa, mphepo ya Ogasiti isanayambe kuulutsa fumbi.

Inu odziwa, kodi tsaya liyenera kukanikiza bwanji pathabwa? Nanga chala chachikulu, chizikulunga chogwirira kapena chingogona pambali? Komanso, kugwira momasuka kotereku kungatheke pa mfuti yaikulu ya .30-06 ya amalume, yomwe imabwerera mwamphamvu paphewa, kapena sikopu idzandicheka pachikope?

Zikomo kwambiri.