Za nkhalango ya agogo ku Domasi

Malume: Moni nonse. Dzulo ndinayendera nkhalango ya malemu amayi pamodzi ndi bambo uja wofuna kugula mitengo, ndipo wanena kuti apereka K900,000 tikamulola kudula yonse, bulugamu wakumtunda pamodzi ndi mitengo yachilengedwe ya m'mbali mwa khwawa. Sindinamuyankhe kanthu chifukwa mbumba yonse iyenera kumva kaye.

Amayi aang'ono: Achimwene, ndalamayo tiilandire. Denga la nyumba yaikulu likudontha, mvula yayandikira, ndipo munthu sangafunde mitengo.

Achimwene a ku Blantyre: Malume, bamboyo akufuna matabwa kapena makala? Ndikufunsa chifukwa lamulo la zankhalango linakonzedwanso mu 2020, ndipo kuotcha makala popanda chiphaso ndi mlandu waukulu. Uvuni ukapezeka pamalo athu, ofunsidwa tidzakhala ife, iye atapita kale.

Malume: Za bulugamu wanena momveka kuti akufuna mapolo ndi matabwa. Nditamufunsa za masuku ndi mombo anangoseka, koma panjinga pake ndinaona mtolo wa matumba akuda.

Achemwali a ku Chinamwali: Pamenepo nkhani yadziwika. Ine maganizo anga ndi akuti tigulitse bulugamu yekha, ndipo tiwerenge mtengo umodziumodzi m'malo mogulitsa chiunjike, chifukwa bulugamu ukadulidwa umaphukanso pachitsa ndipo pakapita zaka zochepa timadzadulanso mapolo. Mbawa ziwiri zija agogo anazipeza zili kale zazikulu, ndipo palibe mmodzi wa ife amene adzaone zina zotero tikazigwetsa. Kumbukiraninso namondwe Freddy mu Marichi 2023. Munda wa anansi athu, kumene anadula mitengo mpaka kukhwawa, unang'ambika pakati, miyala n'kutsika kukakwirira chimanga, pamene chitsime chathu chinangoda madzi masiku angapo basi.

Amayi aang'ono: Inu a m'tauni mumagona pouma. Ndanena kuti denga likudontha.

Alamu: Ine ndine mkamwini chabe, choncho mundikhululukire polowererapo. Ming'oma itatu ya njuchi imene ndinapachika m'masuku aja inatulutsa uchi womwe unalipira fizi ya ana awiri teremu yatha. Mitengoyo ikapita, njuchi nazonso zipita, ndipo masuku amene ana amagulitsa pamsewu wa ku Liwonde athera pomwepo.

Amayi aang'ono: Uchi umenewo ena a ife sitinaulaweko, alamu.

Achemwali a ku Chinamwali: Popeza tafika pa ndalama, ndikumbutse za K15,000 imene tinagwirizana kuti aliyense apereke yolipira olambula njira yotchinga moto. Tilipo anthu 11, koma apereka ndi anayi okha: malume, achimwene a ku Blantyre, alamu ndi ine. Anyamata aja analambula mbali yakumtunda yokha n'kusiya, ndipo amabwera pakhomo pa malume m'mawa uliwonse. Chaka chatha moto wa osaka mbewa unapsereza mbande zonse, ndipo ndalama imene tinagulira inapita pachabe.

Achimwene a ku Blantyre: Msuweni wathu wa ku Johannesburg mauthenga onsewa akuwerenga, zikuoneka, koma chiyambire Ogasiti sanayankhepo.

Msuweni wa ku Mzuzu: Ine ndipereka ndikaona kaye m'mene ndalama yatha inayendera. Sindikunena munthu, koma zina zimene tinasonkha nthawi ya chiliza mpaka lero sitinamve mathero ake.

Malume: Zimenezo zili ndi tsiku lake, mphwanga. Lero tikukamba za mitengo.

Mdzukulu wamkulu: Agogo, popeza bulugamu adulidwa, kodi nthambi zake mungatisungireko zophikira pachinkhoswe cha mwezi wamawa? Nkhuni zakwera mtengo kwambiri ku Chinamwali.

Achemwali a ku Chinamwali: Palibe amene wanena kuti adulidwa kale, mwanawe, ndipo iwenso uli pagulu la osapereka.

Amayi aang'ono: Chinkhoswe chomwecho alendo adzakhala m'nyumba yodontha.

Achimwene a ku Blantyre: Amayi, tamva za denga ndipo palibe akutsutsa. Tiwerenge kaye malata ofunika ndi misomali yake, chifukwa mwina theka la bulugamu likwanira, ndipo mitengo yokhomera denga tidula m'nkhalango momwemo osagula. Yotsalayo isungidwe ya mbande, poti nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala, koma kukhwawa tisadzalenso bulugamu chifukwa amamwa madzi ambiri.

Malume: Loweruka m'mawa ine ndi alamu tikalemba chizindikiro pa bulugamu wokhwima, ndipo ndifunsa ogula enanso awiri kuti tiyerekeze mitengo yawo. Bambo uja ndimuuza kuti kukhwawa nkhwangwa isafikeko. Amene simunapereke K15,000 mutumize kwa mdzukulu wa ku Chinamwali lisanafike Lachisanu, anyamata aja asandichititsenso manyazi.

Amayi aang'ono: Yanga muchotse pa ndalama ya bulugamu, achimwene. Malata akhale 32, osati 28 monga munawerengera chaka chatha.