Ndikufuna kusintha oyilo wa injini ndekha, ndithandizeni nzeru

Abale anga, makamaka inu odziwa za galimoto, ndabwera ndi funso. Ndili ndi Toyota Probox ya injini ya 1NZ, yomwe ndimanyamulira mbatata ndi kabichi kuchokera ku Lizulu kupita pa boma la Ntcheu. Chiigulireni, oyilo amandisinthira amakaniko, koma ulendo wathawu anamanga nati ya pansi pa injini mopyola muyeso, moti ndikaimika usiku, m'mawa ndimapeza madontho pansi. Zandipweteka mtima, chifukwa ana anga amadya ndi galimoto imeneyi. Ndiye ndaganiza zoyamba kusintha ndekha pakhomo.

Sipanala ya 14, jeke, beseni lakale ndi fyuluta yatsopano ndili nazo. Chandizunguza mutu ndi mtundu wa oyilo. Mnzanga wina akuti ndithire 5W-30, pomwe kushopu akundikakamiza 20W-50, yemwe ndi wolemerapo, ati poti injini yakalamba, yadutsa makilomita 200,000. Koma kuno June ndi July kumazizira zedi. Kodi oyilo wolemerayu sangachedwe kufika m'mwamba mwa injini ndikailiza m'mamawa? Nanga malita 4 akwana ndikasinthira limodzi ndi fyuluta?

Pa kudonthako, kodi kusintha washa ya natiyo n'kokwanira, kapena mazinga anaphwanyika?

Dzenje ndilibe, ndipo kulowa pansi pa galimoto yokwezedwa ndi jeke yokha ndikuopa. Inu mumachirikiza ndi chiyani?

Oyilo wakaleyo ena akuti ndipake mitengo ya khola kuti chiswe chisadye, koma chitsime chathu chili pafupi. Mumakamusiya kuti?