Acrylic yoyera ikusanduka pinki pamwamba pa inki, oda ndi ya Loweruka

Chisomo Banda: Anzanga thandizeni msanga. Ndili ndi oda ya ma journal 30, A5, chikuto cha chipboard (katoni yolimba) chomatidwa pepala la cartridge 200gsm. Pansi ndapopera inki ya printa yosungunula ndi madzi, magenta (yofiirira ngati pinki) ndi yelo, pa stencil yomwe ndinaboola pa pulasitiki yakale ya X-ray. Yagona usiku wonse, yauma gwa. Pamwamba ndikudinda maluwa ndi penti ya acrylic yoyera, titanium white, pa stencil yachiwiri. Ndikangochotsa stencil maluwa ali mbee, koma ikamauma ikusanduka pinki, m'mphepete mukutuluka chikasu. Ndikabwereza coat ina, pinki yemweyo. Komanso penti ikulowa pansi pa stencil, mizere ikutuluka ya manthongo. Musandiuze zoyambiranso chonde, zikuto zonse ndapopera kale.

A Mwale: Gesso, mlongo wanga, penti yoyera yoyalira pansi musanajambule ija. Ma coat awiri pamalo pomwe pakhale maluwa, woyamba chopingasa, wachiwiri chotsitsa. Iume, kenako dindani. Ntchito ya gesso ndi imeneyo.

Mayi Phiri: A Mwale, apa gesso sathandiza. Inki yamitundu ya m'mabotolo a printa ija nthawi zambiri ndi dye, utoto wosungunuka m'madzi. Dye sakhazikika akauma monga ichitira acrylic, amangokhala m'pepala, madzi akamukhudza amadzukanso. Tsono mu gesso muli madzi, mu acrylic muli madzi, mu guluu wa PVA muli madzi. Mukapaka, madziwo amasungunula inki ya pansi, ndipo pamene akukwera kuti aume amakwera nawo utoto mpaka pamwamba. N'chifukwa chake poyamba kumayera, pinki n'kubwera pambuyo. Magenta ndiye wovuta kuposa onse. Chisomo mwanangu, leka kaye kudinda, ukungotaya penti.

A Sakala: Yesani chonchi: nyowetsani kathonje, khudzani pakona ya chikuto chimodzi. Kakatuluka kofiira, ndi dye, ndipo chilichonse chopaka ndi bulashi chichotseni m'maganizo. Chotsala ndi chopopera chopanda madzi. Fixative ya m'chitini, yopopera pa chojambula kuti chisafufutike, ngati muli nayo, apo ayi clear lacquer ya matt ya ku hardware, ku Kamwala ku Lusaka imapezeka. Imikani chikuto chilili, chitini chikhale pa 30cm, yambirani kupopera kunja kwa pepala n'kudutsa mpaka kunja mbali inayo. Coat yoyamba ikhale ngati fumbi chabe, pepala lisanyezimire. Dikirani mphindi 15. Chitani katatu. Mukathira yambiri nthawi imodzi pepala limada, limachita mawanga ngati lathiridwa mafuta, ndipo sizibwerera. Panja, osati m'chipinda, ndipo kutali ndi mbaula.

Chisomo Banda: Kathonje kafiira psuu. Ndiye lacquer itseka zonse?

A Sakala: Zonse ayi, ndisakunamizeni. Pomwe magenta wachuluka amatha kudutsabe pang'ono, chifukwa coat yopyapyala imasiya timipata. Yesani pa chikuto chimodzi, dindani duwa limodzi, mulisiye maola awiri musanagamule. China: ngati mwalembapo ndi permanent marker, lacquer imaisungunula, zilembo zimayenderera. Ndipo musagule ya gloss. Acrylic pa gloss imaterereka, ikauma imasupuka ndi chikhadabo.

Tiyanjane Daka: Nanga hairspray? Ndi yotchipa.

Mayi Phiri: Iyayi. Hairspray anaipanga kuti ichoke ndi madzi posamba, ndiye penti yonyowa ikafika imasungunuka nayonso. Pakapita nthawi imachita chikasu ndipo imanata kukakhala chinyezi. Pa chojambula cha makala cha mwana wa sukulu mwina, osati pa katundu wogulitsa.

A Mwale: Mukuvutitsa mwana ndi zitini za mtengo. Gesso wanu mukumuthira madzi, vuto ndi limenelo. Wosasungunula, ma coat atatu opyapyala, uliwonse kuumitsa ndi dryer. Sanalepherepo.

Mayi Phiri: Pa pensulo, pa nyuzipepala, pa acrylic youma, inde salephera. Pa dye amalephera. Ndikuvomerani chimodzi: dryer imachepetsa nthawi yomwe madzi akhala pa inki, ndiye pinki amachepako. Koma coat iliyonse yatsopano imanyowetsanso ya pansi n'kukoka utoto womwe unakwera kale. Komanso dryer yotentha imaumitsa khungu la pamwamba lokha, ngati chitumbuwa cha pamoto waukulu, kunja kwapsa mkati muli phala. Mukaikapo stencil khungulo limamatirira n'kusupuka. Ndipo ma coat atatu pa zikuto 30, aliwonse kulunjikitsa stencil pamalo pomwepo, pofika Loweruka?

A Tembo: Ine ndingati musalimbane ndi zoyera. Kasitomala ananena kuti maluwa akhale oyera, kapena ndi inu munasankha? Ngati ndi inu, dindani ndi yakuda, Payne's grey kapena bluu wakuda. Inki idzakwerabe koma sidzaoneka. Golide nayenso amabisa bwino kuposa yoyera. Ngati zoyera n'zokakamiza, dindani kapena dulani maluwa pa pepala lina lochindikala, 160gsm kupita m'mwamba, muwamate ndi glue stick kapena double-sided tape. PVA ayi, ndi madzi aja. Tissue paper ayinso, magenta amadutsa ngati palibe kanthu.

Za ulendo wina: tembenuzani dongosolo. Yoyera kapena gel medium (acrylic yopanda utoto) iyambe pa pepala lopanda kanthu, iume bwino, inki ibwere pambuyo. Pomwe pali acrylic inki silowa, mumangopukuta ndi kansalu konyowa pang'ono maluwa n'kuonekera. Amatsala ndi kautoto pang'ono, koma ka inu mwini, osati kokudzidzimutsani mawa lake.

Esnart Zulu: Palibe wayankha za kulowa pansi pa stencil. Penti yachuluka pa siponji, palibenso china. Tengani kasiponji ka make-up kapena chidutswa cha matilesi cholimba, khudzani penti, kenako gogodani pa pepala lapadera mpaka muziganiza kuti yatha. Pamenepo ndiye yakwana. Dindani molunjika, kukweza ndi kutsitsa, osakhula cham'mbali, kuyambira pa pulasitiki kulowera m'bowo. Ma coat awiri owuma amaposa umodzi wonona. Penti osathira madzi. Ikakhala yotchipa yamadzimadzi ija, isiyeni pa mbale mphindi zisanu ilimbeko.

X-ray ili ndi zake. Imapindika, ndipo mpeni umasiya kamlomo kokwera m'mphepete mwa bowo, kamene kamanyamula stencil kuti isagone pa pepala. Palani kunsi ndi sandpaper yosalala, 400 kapena kuposa. Timilatho tolumikiza tisachepere 3mm, tikachepa timadzuka ndi siponji. Pukutani kunsi kwa stencil mukadinda zikuto zitatu zilizonse, chifukwa penti yomwe yazembera kunsi ndiyo imadetsa chikuto chotsatira. Masking tape iyambe yamatidwa pa chitenje kawiri kuti ichepe mphamvu, apo ayi ichotsa nkhope ya cartridge pamodzi ndi inki yanu.

A Sakala: Powonjezera, amene mumatsuka X-ray ndi Jik kuti chakuda chichoke, valani magolovesi, ndipo tsukuluzani kwambiri. Jik wotsalira amadya dye, mupeza mizere yotuwa pomwe stencil inagona. Ndipo dulani pakona pomwe pali dzina la wodwala musanapite nayo ku workshop. Penti ikaumira pa stencil, methylated spirit imachotsa, koma texture paste, phala lopaka pa stencil kuti chithunzi chitukuke, ikauma m'timabowo ndiye basi, iponyeni m'beseni la madzi mukangomaliza.

Mayi Phiri: Chimene chikundidetsa nkhawa ine si maluwa. Journal ndi chinthu chogwira m'manja, cholowa m'chikwama. Chikuto cha dye wosatsekedwa, munthu wa thukuta m'manja pa minibasi, kapena madontho awiri a mvula, magenta ali pa bulauzi. Ndiye ngakhale mutsate njira ya a Tembo, chikuto chonse chiyenera kupoperedwa. Varnish ya bulashi ikhoza kubwera pambuyo pa lacquer, osati isanafike, ndipo bulashi idutse kamodzi, osabwerera.

Komanso dye amasuluka ndi dzuwa. Amene mumayala katundu panja Lamlungu ku Arcades kapena ku Kabwata Cultural Village mukudziwa: chomwe chili pamwamba pa mulu chimatuwa, cha pansi chikadali chowala, kasitomala n'kumafunsa chifukwa chake mitengo ili yofanana. Lacquer wamba saletsa zimenezo. Pa ntchito yogulitsa gulani acrylic ink, ngati FW ya Daler-Rowney kapena Liquitex, kapena India ink pa zakuda. Zikauma madzi sazisuntha. Botolo ndi lodula koma mumasungunula, ndipo popopera tsukani kamutu ka botolo nthawi yomweyo chifukwa imatseka. Inki ya printa isiyeni ya masamba a m'buku lanu loyeseramo.

A Mwale: Zonsezi zikanapewedwa ndi gesso. Akanapaka pansi asanapopere inki.

Esnart Zulu: Zikanaipiratu, a Mwale. Pa gesso dye salowa m'pepala, amakhala pamwamba, ndiye amasuntha msanga kuposa pa cartridge yosapaka.

A Mwale: Clear gesso ndiye.

Esnart Zulu: Nayenso ndi wa madzi, bambo.

A Tembo: Chisomo, musadzasanjikize zikutozo zikangouma kukhudza. Nyengo ya mvula ino acrylic imatenga nthawi kuti ilimbe mkati, ndipo yonyezimira ikakumana ndi inzake imamatana, polekanitsa imang'amba. Ziyaleni chimodzichimodzi usiku wonse. Ponyamula ikani baking paper pakati, osati nyuzipepala, ndipo musazisiye m'galimoto yotseka padzuwa, kutentha kumafewetsanso penti. Masamba a mkati ngati nawonso ali ndi acrylic, pakani kandulo yoyera pang'ono n'kupukuta ndi nsalu, koma pokhapokha mwamaliza, chifukwa pa kandulo sipagwiranso penti kapena cholembera. Chipboard ikayamba kupindika, matani pepala lofanana kuseri kwake kuti mbali zonse zikokane mofanana.

Tiyanjane Daka: Poti mwatchula texture paste, ya Polyfilla (filler, ufa wotsekera ming'alu ya khoma) ndi PVA ija mumasakaniza bwanji? Yanga ikusweka tsamba likapindika.

A Sakala: Filler yachuluka. Masipuni awiri a ufa, imodzi ya PVA, imodzi ya acrylic yoyera, madzi madontho chabe. Palani ndi khadi lakale la ATM, isachindikale kupitirira stencil yeniyeniyo. Koma pa tsamba lopindika idzaswekabe, ndi ya pa chikuto cholimba kapena pa bolodi. Ndipo pa dye nayonso isanduka pinki.

Esnart Zulu: Chisomo, lacquer ija mwayesa?

Tiyanjane Daka: A Sakala, nanga baby powder m'malo mwa filler, muyezo ndi womwewo?